Funsani Anamwino: Kodi malo abwino osamalira wodwala matenda osachiritsika tingawazindikire bwanji?

Makalata a mwezi uno achokera kwa mabanja amene madokotala awauza kuti matenda a m'bale wawo sadzachira, ndipo tsopano akufunafuna anthu oti awathandize kumusamalira. Akuyankha ndi anamwino ndi madokotala ogwira ntchito ya paliyativu, yomwe ndi chisamaliro chochepetsa ululu ndi mavuto ena a wodwala matenda osachiritsika.

Bambo anga ali ndi khansa ya prostate yomwe yafika m'mafupa, ndipo madokotala atiuza kuti chatsala n'kuchepetsa ululu. Tili ndi malo awiri oti tisankhepo: chipatala cha mishoni chomwe chili ndi gulu la paliyativu, ndi malo ena olipira omwe angotsegulidwa kumene, okongola kwambiri, komwe amagoneka odwala. Abale akukangana. Tiyang'ane chiyani? Mayi wa ku Lilongwe

Pepani kwambiri mayi. Kukongola kwa nyumba kukhale komaliza kukuganizira. Chimene chidzagonetse bambo anu tulo ndi anthu ogwira ntchito ndi mankhwala amene ali m'kabati mwawo.

Pitani malo onse awiri ndipo mufunse mafunso ofanana. Loyamba: ndani kwenikweni adzidzawaona bambo? Namwino ayenera kukhala wolembetsedwa ku Nurses and Midwives Council of Malawi, dokotala ndi clinical officer ku Medical Council of Malawi. Kufunsa zimenezi si mwano, ndipo malo oyenda bwino sakwiya nazo. Kenako funsani kuti mwa iwo ndi angati anaphunzira za paliyativu. Unduna wa Zaumoyo uli ndi maphunziro oyambira a masiku 5, koma amenewo ndi poyambira chabe. Gulu lodalirika limakhala ndi munthu mmodzi kapena awiri amene anapitirira pamenepo, ndipo ena onse amafunsira nzeru kwa iwo.

Funso lachiwiri ndi limene limasiyanitsa malo ambiri: Loweruka 2 koloko usiku, ululu ukakula kapena mkodzo ukatsekeka, tiimbire ndani? Akakupatsani nambala, iyeseni madzulo ena muone ngati wina ayankha, ndiponso ngati woyankhayo ndi namwino kapena mlonda. Kumalo ogoneka odwala, kachezeni kamodzi masana, kamodzi dzuwa litalowa. Muwerenge mabedi amene ali ndi anthu, muwerengenso anamwino amene alipo nthawi imeneyo. Mwina angakuuzeni kuti ali ndi anamwino 8, koma mukawagawa m'mashifiti atatu, n'kuchotsapo amene ali patchuthi, usiku amatsala mmodzi. Wodwala wosatha kudzitembenuza amafunika kumutembenuza maola awiri aliwonse, ndipo kwa munthu wamkulu thupi ntchitoyo ndi ya anthu awiri. Namwino mmodzi wokhala ndi odwala otere 10 sangakwanitse, ngakhale akhale wachifundo chotani. Zotsatira zake ndi zilonda za pamatako, m'chiuno ndi kuzidendene.

Onaninso momwe adzawalandirire bambo tsiku loyamba. Kuyeza koyamba kochitidwa bwino kumatenga pafupifupi ola. Amafunsa pamene pakupweteka, n'kuwauza odwala kuti aonetse kukula kwa ululu ndi zala, kuyambira 0 mpaka 5. Amafunsa za chimbudzi, mkodzo, tulo, kadyedwe, amene amawasamalira kunyumba, ndi zimene zikuwadetsa nkhawa. Amalankhula ndi bambo eni ake, osati ndi inu nokha ngati kuti iwo palibe. Zonsezo amalemba m'buku la kuchipatala. Pa khansa ya prostate yofika m'mafupa, gulu lodziwa ntchito lidzakuchenjezani lokha kuti msana ukayamba kupweteka modabwitsa, miyendo n'kumafooka kapena kuchita dzanzi, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikasiya kugwirika, muthamangire kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chotupa chingakhale chikufinya mtsempha wa mumsana. Akachedwa, munthu amafa miyendo. Ngati palibe amene watchula zimenezi, dziwani kuti pali pofooka.

M'Malawi muno ntchito yaikulu ya paliyativu imachitikira pakhomo. Ndi Moyo ku Salima, Tiyanjane ku Queens ku Blantyre, ndi Umodzi yomwe imaona ana pa chipatala chomwecho, onse amadalira kwambiri gadiyani wophunzitsidwa bwino. Choncho funsani ngati amayendera odwala m'makomo, kangati pa mwezi, mtunda wautali bwanji, ndipo nthawi ya dzinja msewu ukaterera amatani. Funsani ngati adzakuphunzitsani kutembenuza wodwala, kutsuka m'kamwa ndi madzi a mchere pang'ono, kusamalira kapaipi ka mkodzo, ndi kuwaza Flagyl wopera pa bala lonunkha.

Kumalo olipirawo pemphani mitengo yolembedwa papepala, ndipo ionetse ngati mankhwala, matewera ndi magolovesi zili momwemo. Chenjerani ndi malo amene tsiku lililonse amaika diripi, mavitamini a jakisoni ndi kuyeza magazi kwa munthu amene ali kumapeto. Bilu imakwera, koma m'masiku otsiriza madzi ochuluka a diripi amatha kutupitsa miyendo ndi kuchulukitsa makhololo m'chifuwa. Maganizo athu ndi akuti ngati gulu la mishonilo lili ndi mofini (mankhwala amphamvu ochepetsa ululu) nthawi zonse ndipo limafika kunyumba, yambani ndi limenelo.

Malo ena amene tinapitako anatiuza monyadira kuti iwo sapereka mofini chifukwa amafupikitsa moyo. Amalume anga akuti amenewo ndiye osamala. Kodi n'zoona? Bambo wa ku Balaka

Ayi bambo, si zoona, ndipo mawu amenewo okha ndi chifukwa chokwanira chokayang'ana kwina. Mofini woperekedwa pa mlingo woyenera safupikitsa moyo. Mbiri yoipayi inabwera chifukwa kale ankamupereka munthu akangotsala maola ochepa, ndiye abale n'kumati jakisoni ndi amene wamupha.

Bungwe la WHO linakhazikitsa makwerero atatu a mankhwala a ululu wa khansa mu 1986. Poyamba ndi Panado, kwa munthu wamkulu osapitirira magalamu 4 pa tsiku, kapena Brufen ngati impso ndi m'mimba zili bwino. Akalephera, pamabwera codeine kapena tramadol. Akalepheranso, mofini. Mofini wakumwa wamadzimadzi, amene Dr Anne Merriman anathandiza kufalitsa mu Africa kudzera ku Hospice Africa Uganda yomwe anaiyambitsa mu 1993, ndi wotsika mtengo ndipo gadiyani amatha kupereka yekha kunyumba. Nthawi zambiri amayamba ndi mamiligalamu 2.5 mpaka 5 maola 4 aliwonse, ndipo pogona amapereka mlingo wowirikiza kuti wodwala asadzutsidwe pakati pa usiku. Mlingo amauika ndi amene walemba mankhwalawo, osati abale.

Apa ndi pamene mungayese gulu lililonse. Lodziwa ntchito limakuuzani kuti muzipereka pa nthawi yake, osadikira kuti ululu ubwerere. Limakupatsani sirinji yopanda singano yoyezera, n'kukuonetsani mzere wake. Limakuuzani mphamvu ya botolo, chifukwa pali wofooka wa mamiligalamu 5 mu mamililita 5 ndi wamphamvu wa mamiligalamu 50 mu mamililita 5 omwewo. Ngozi imachitika akasintha botolo koma gadiyani n'kupitiriza kuyeza monga kale, wodwala n'kumwa kakhumi kuposa mlingo wake. Limaperekanso mankhwala ofewetsa chimbudzi monga bisacodyl tsiku lomwelo, pakuti pafupifupi aliyense womwa mofini amadzimbidwa, ndipo kudzimbidwako sikutha kokha ngati mseru ndi kusinza zomwe zimachepa pakapita masiku angapo. Mapiritsi a mofini otchedwa MST, omwe amagwira ntchito maola 12, saphwanyidwa ndipo satafunidwa.

Funso lomaliza loti muwafunse: mofini anakutherani liti komaliza, ndipo munatani? Mankhwala amatha, zimenezo n'zodziwika. Chofunika n'chakuti akhale ndi chipatala china chomwe amatumizako odwala, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa ululu woopsa, thukuta ndi kutsekula m'mimba.

Amayi anabwera kudzandiona kuno ku England ndipo apezeka ndi khansa ya chiwindi yosachiritsika. Pafupi nafe pali mahosipisi awiri, malo osamalira odwala matenda osachiritsika. Ndiwasiyanitse bwanji, ndipo poti amayi ndi mlendo, tidzalipira? Mayi wa ku Leeds

Tiyambe ndi ndalama, mayi. Mahosipisi ambiri ku Britain ndi mabungwe achifundo, kutsatira chitsanzo cha St Christopher's yomwe Cicely Saunders anatsegula ku London mu 1967, ndipo salipiritsa wodwala. Ku England malamulo olipiritsa alendo sakhudza chisamaliro cha paliyativu choperekedwa ndi bungwe lachifundo lolembetsedwa. Koma kugonekedwa m'chipatala cha boma cha NHS ndi nkhani ina, kumeneko mlendo angapatsidwe bilu. Alembetseni amayi msanga kwa GP, dokotala wa banja wa m'dera lanu. Kulembetsako n'kwaulere ngakhale kwa mlendo, ndipo GP kapena gulu la paliyativu la kuchipatala ndi amene amatumiza munthu ku hosipisi. Kawirikawiri hosipisi imalandira anthu a m'dera lake, choncho adiresi yanu ingakusankhireni kale.

Mahosipisi a ku England amayenderedwa ndi Care Quality Commission, ndipo malipoti ake aliyense angawawerenge pa intaneti. Pali magiredi anayi: Outstanding (yapamwamba kwambiri), Good (yabwino), Requires improvement (yofunika kukonza zina) ndi Inadequate (yosakwanira). Musangoona giredi yapamwamba pa tsambalo. Yang'anani chaka chimene anayendera, chifukwa lipoti lakale lingakhale likunena za mabwana ndi anamwino amene anachoka. Kenako werengani zigawo zake zisanu. Pafupifupi hosipisi iliyonse imachita bwino pa chigawo cha chifundo cha ogwira ntchito, motero chimenecho sichikuthandizani kusiyanitsa. Zenizeni zili m'chigawo cha chitetezo cha odwala ndi cha utsogoleri: kuchuluka kwa anamwino pa shifiti, kudalira anamwino aganyu ochokera ku ma agency, zolakwika pa mankhwala, ndi ngati maphunziro a ogwira ntchito ali m'nthawi yake.

Dziwaninso kuti hosipisi ya kumeneko si malo okhalitsa. Ambiri amagonekedwa masiku angapo kapena milungu yochepa kuti ululu ndi kusanza zikhazikike, kenako amabwerera kunyumba. Ndiye funsani za chithandizo cha pakhomo: kodi foni yawo imayankhidwa maola 24? Ndani amabwera kudzaika ndi kudzadzaza syringe driver, kamakina kolowetsa mankhwala pansi pa khungu usana ndi usiku munthu akalephera kumeza? Kodi adzasiya m'nyumba majakisoni odikirira a ululu, mseru, kusakhazikika ndi makhololo, kuti Lamlungu usiku musamayendeyende kufuna famase yotsegula? Nanga anamwino ogona ndi wodwala usiku, monga a bungwe lachifundo la Marie Curie, amapezeka mausiku angati pa mlungu?

Ngati amayi samva bwino Chingerezi, pemphani womasulira. Si bwino kuti mwana azimasulira mayi ake nkhani ya imfa yawo, kapena ya chimbudzi ndi kumaliseche, chifukwa ambiri amabisa. Funsaninso ngati amalola alendo ambiri nthawi imodzi, kubweretsa phala kapena nsima, ndi kuti a mpingo adzaimbe.

Ndipo afunseni amayi, lero osati mwezi wamawa, ngati akufuna kubwerera kumudzi. Nthawi yoti angakwere ndege ndi yochepa. Hosipisi yabwino imathandiza ndi kalata ya dokotala yolola ulendo, kalata yofotokoza mankhwala a mofini amene anyamula, ndi lipoti loti likaperekedwe ku gulu la paliyativu la chipatala cha boma kwanu asanafike.

Ku America kuno makampani a hosipisi ndi ambirimbiri, ndipo atatu atiimbira kale foni za apongozi anga omwe ali pa Medicare, inshulansi ya boma ya zaumoyo. Nyenyezi zoonetsa giredi ya kampani pa intaneti n'zodalirika? Bambo wa ku Indiana

Zimathandiza, koma sizokwanira. Pa tsamba la Care Compare la Medicare nyenyezizo zimachokera ku mayankho a mabanja amene anaferedwa, ndipo makampani ang'onoang'ono kapena atsopano nthawi zambiri sakhala nazo chifukwa mayankho ndi ochepa. Tsegulani ziwerengero zapansi. Ziwiri zofunika kwambiri ndi ya mabanja amene anati thandizo linkafika msanga, ndi ya odwala amene namwino kapena social worker (wa zachisamaliro cha anthu) anawayendera masiku osachepera awiri mwa masiku atatu omaliza a moyo wawo.

Medicare imafuna kuti kampani iliyonse ikhale yokonzeka kupereka chisamaliro cha mitundu inayi: kuyendera kunyumba, namwino wokhalitsa pakhomo zinthu zikavuta, kugoneka wodwala ululu ukakanika, ndi kumusunga mpaka masiku 5 kuti osamalira apume. Funsani dzina la malo amene amagonekako odwala. Akayamba kuzungulira, ndiye kuti sachita kawirikawiri. Funsaninso kuti namwino mmodzi ali ndi odwala angati, wa usiku amachokera mtunda wotani, ndipo wodzasambitsa amabwera kangati pa mlungu. Musayembekezere kuti adzakhala m'nyumba usana ndi usiku, ntchito ya tsiku ndi tsiku imakhalabe ya banja.

Mukasankha n'kuona kuti sizikuyenda, malamulo amalola kusintha kampani kamodzi pa chigawo chilichonse cha chithandizo. Zigawo ziwiri zoyamba ndi za masiku 90 chilichonse, zotsatira ndi za masiku 60. Gwirizanani ndi kampani yatsopanoyo tsiku lenileni loyambira musanasiye yakaleyo, chifukwa bedi, okosijeni ndi mankhwala zimabwera kudzera ku kampani, ndipo yakaleyo idzabwera kudzatenga katundu wake.