Kagoneni ku Cape Maclear, zilumba muziziyendera masana

Achemwali, mwafunsa kuti mukafuna kukaonetsa ana zilumba za m'nyanja ya Malawi pa holide ikubwerayi, mukagone ku Monkey Bay kapena ku Cape Maclear, ndiponso ngati Likoma ingatheke. Ine ndinganene kuti pitani ku Cape, kumudzi wa Chembe uja, mupeze malo ogona kumtunda, zilumbazo muziziyendera pa boti m'mawa n'kubwerako madzulo.

Monkey Bay ndi doko. Ndi kwa sitima ya Ilala ndi asilikali a panyanja, kotero ana akatopa msanga. Ku Cape mukangotuluka pakhomo, chilumba cha Thumbi chili pamaso panu, pafupi moti boti la injini silichedwa kufika. Kumeneko ndiye ana akaone mbuna, tinsomba ta mitundu yowala tija timene timakhala m'miyala. Anyamata a maboti amabwereketsa magalasi oonera pansi pa madzi, ndipo amaponya nsomba pamadzi n'kuliza likhweru kuti nkhwazi itsike idzawakhe. Mwana wanga wamng'ono mpaka lero sasiya kuikamba nkhwazi imeneyo. Chilumba cha Domwe nacho chili pafupi. Mumbo ili patali, makilomita pafupifupi 10, ndipo kugona kumeneko ndi kwa a matumba olemera. N'chifukwa chake ndikuti gonani kumtunda, komwe nsima ya usipa kapena kampango mugula pamtengo wa anthu.

Dera lonselo lili mu Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse mu 1984. Ndiye pali ndalama yolowera, koma ya ife eni dziko ndi yotsika kusiyana ndi ya alendo akunja, tengani chitupa chanu. Mukapite nawonso ana ku manda a amishoni a Livingstonia. Anafika pamenepo mu 1875, malungo atawasautsa anasamukira ku Bandawe mu 1881. Mbiri ya m'kalasi ija akaiona ndi maso.

Njira ndi yodziwika: Zomba, Liwonde, Mangochi, kenako msewu wa ku Monkey Bay, ndipo musanafike m'tauni mumakhotera kumanzere. Ngati mulibe galimoto, pamphambano pamenepo pamakhala njinga zamoto ndi matola. Ndalama tapirani ku Mangochi, musadalire kuti mukapeza makina a banki kumudziko.

Tsono chimene ndikufuna mumvetsetse ndi mwera. Kuyambira cha mu June mpaka August mphepo imeneyi imawomba kuchokera kummwera, nyanja n'kukwiya. Ife tinapita mu July chaka china, mwini boti n'kutiuza kuti zili bwinobwino, chifukwa ndalama anali atalandira kale. Pobwerera masana mafunde ankalowa m'boti, majekete oyandamitsa anali atatu okha pamene ife tinali asanu ndi awiri, mayi a kunyumba akungopemphera. Kuchokera tsiku limenelo ndimawerenga majekete ndisanapereke khobidi, ndipo ndimanyamuka m'mamawa nyanja ikadali bata. Mtengo mugwirizane muli pamchenga, mufunsenso ngati chakudya ndi magalasi aja zili momwemo. Ngati mungasankhe, September ndi October ndiye abwino, madzi amakhala oyera, kungoti kumatentha kuposa kuno kwathu kunsi kwa phiri la Zomba.

Likodzo liliko, tisanamizane, makamaka m'madzi osaya a pafupi ndi mudzi. Ku miyala ya kuzilumba n'kwabwinoko. Pakapita miyezi iwiri mutabwerako, pitani nawo ana kuchipatala akayezedwe, mankhwala ake alipo. Neti ya udzudzu musaiwalenso.

Za Likoma, chaka chino zisiyeni. Ilala imadutsa kamodzi pa sabata, kuchokera ku Monkey Bay mumagona m'sitima, ndipo ikachedwa palibe womufunsa. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chomwe anayamba kumanga mu 1903, n'choyenera kuchiona, koma ulendo wake umafuna sabata yathunthu, ndipo n'kwapafupi kudzera ku Nkhata Bay.

Palinso chilumba cha Chisi, pa nyanja ya Chilwa pathu pompano, podzera ku Kachulu. Ndi ulendo wabwino wa tsiku limodzi, koma madzi ake ndi a matope, ana sakasambako. Ku Cape masiku atatu akukwanirani, tsiku lachiwirilo musungire Thumbi.