Achimwene a Mazda 323, musachotse thermostat ija chonde

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena okhala ku Mufakose kuno ku Harare, kwawo ndi ku Mulanje. Ali ndi Mazda 323 yakale ya kabureta, akuti ikumwa mafuta moti malipiro akuthera pa pampu. Makaniko wina wawauza kuti achotse thermostat, anzawo akuti agule kamaginito komata pa paipi ya mafuta, ndiye iwo eni pamtsetse amaika giya pa fili, nthawi zina kuzimitsa injini kumene. Akufunsa kuti pa zonsezi chothandiza nchiti.

Achimwene, ndiyambe ndi kuzimitsa injiniko chifukwa kwandiopsa. Siyani lero lomwe. Mabuleki amapepuka chifukwa cha mpweya womwe injini imakoka, ndiye ikazima mukaponda kawiri katatu pedulo imauma gwa ngati mwala, komanso kiyi mukaipotokola mopitirira chiwongolero chimaloka. Muli ndi ana mgalimotomo, kamafuta kodzadza kapu sikangafanane ndi moyo wawo.

Tsopano musanagule kalikonse, yezani kaye. Ambiri tikamati galimoto ikumwa timangoyang'ana muvi wa geji, pomwe muvi wa galimoto yakale sunena zoona. Dzadzani thanki mpaka pampu idule yokha, lembani makilomita, yendani monga mwa masiku onse, kenako dzadzaninso pampu yomweyo. Makilomita mwayendawo gawani ndi malita mwathirawo. Chitani kawiri kapena katatu. Ndikudziwa kudzadza thanki nkowawa, ambife timathira ya madola asanu asanu, koma popanda nambala imeneyi simungadziwe ngati chomwe mwasintha chathandiza kapena mwangotaya ndalama.

Dziwaninso kuti petulo wa kuno si uja galimoto yanu inkamwa ikutuluka ku fakitale ya magalimoto ya Willowvale. Kuyambira 2013 boma linalamula kuti azisakaniza ndi ethanol, wa nzimbe za ku Chisumbanje uja, ndipo nthawi zina amafika magawo 20 pa 100. Ethanol mphamvu yake ndi yochepa poyerekeza ndi petulo, lita imodzi siyingakufikitseni pomwe inkakufikitsani kale, zimenezo palibe makaniko angazikonze. Koma china chomwe mungakonze ndichakuti ethanol amaumitsa ndi kung'ambula mapaipi akale a labala, ndiye mmawa injini ikulira tsegulani boneti, nunkhizani, yang'anani pansi. Mukamva fungo la petulo ndiye kuti mafuta ena akugwera mumsewu osafika ndi ku injini komwe, ndipo ndi momwe moto umayambira.

Za thermostat, ayi achimwene, ayi ndithu. Ntchito yake ndi kutseka madzi kuti injini itenthe msanga nkukhala pa kutentha kwake koyenera. Injini yozizira imamwa kwambiri, imathanso msanga, ndiye taganizani mmawa wa June kuno ku Harare kuzizira kuja, inu mwachotsa thermostat, mukafika mtauni injini isanatenthe nkomwe. Ngati galimoto ikutentha mopitirira vuto ndi radiyeta yotsekeka, fani kapena pampu ya madzi, konzani chimenecho. Kamaginito kaja ndiye musataye nako ndalama, petulo sakokedwa ndi maginito, ndipo kakanakhala kothandiza opanga magalimoto akanakaika kalekale.

Ndalama imeneyo pititsani ku kabureta. Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepuka, ndiye kabureta yosatchunidwa bwino imathira mafuta ambiri kuposa mpweya womwe ukulowa. Masulani pulagi imodzi muone. Ikakhala yakuda bii ndi mwaye, kapena ku ekizosi kukutuluka utsi wakuda, ndi umboni umenewo. Kawirikawiri imakhala choke (kachitseko kochepetsa mpweya poliza injini yozizira) yosatseguka yonse, kapena float (kachinthu koyandama kotseka mafuta akadzadza mu kabureta) yomwe ikulola mafuta kusefukira, kapena fyuluta ya mpweya yodzadza fumbi la mwezi wa September. Pezani mdala wodziwa makabureta, alipobe, osati mnyamata wozolowera kulumikiza kompyuta basi. Akonzenso timing (nthawi yomwe mapulagi amayatsa moto), musinthe mapulagi ndi fyuluta, mu Kaguvi Street mupeza zimenezi. Koma musamuuze kuti afinye mafuta mpaka injini izitsokomola, mafuta akachepa kwambiri injini imatentha nkuwotcha mavavu.

Matayala popani malinga ndi nambala yolembedwa pa chitseko kapena mbuku la galimoto, muyeze mmawa asanatenthe. Ndi maenje athu a mumsewuwa alayimenti imasokonekera msanga, tayala likamadyeka mbali imodzi ndiye kuti likukwekwereza, mafuta akupita. Mukayenda kamtunda imani mugwire marimu mosamala, limodzi likatentha kuposa anzake buleki ikugwira yokha. Mbuti namo tsitsani zigubu ndi zitsulo zosafunika.

Koma kunena zoona, mafuta ambiri amathera kuphazi lanu lakumanja. Ine ndinaziona ndekha pa galimoto yanga nditayamba kulemba manambala. Tawonani mmene timayendera mumsewu wa Samora Machel, loboti ikatsegula tonse kuponda moto ngati tikupikisana ndi makombi, mamita mazana awiri kutsogolo loboti ina yofiira, buleki. Nthawi iliyonse mukuponda buleki mukutaya liwiro lomwe munaligula ndi petulo. Yang'anani patali, mukaona yofiira kapena mzere wa magalimoto chotsani phazi msanga galimoto izipita yokha ili mu giya, mwina pofika pamenepo yatsegula simunaime nkomwe. Siyani mpata pakati pa inu ndi wakutsogolo, a mushikashika (matakisi opanda chilolezo aja) alowererapo inde, asiyeni alowe. Sinthani magiya msanga osadikira injini ikuwe, koma osaikakamizanso giya yaikulu pachitunda mpaka izigogoda. Mmawa osailiza mphindi khumi pabwalo, kamphindi kamodzi nkokwana kenako nyamukani mofatsa, imatenthera mnjira. Mukadikira munthu pa Mbare zimitsani, mwaima kale apo palibe choopsa. Ndipo ngati ntchito ikulola, kunyamuka mamawa msewu usanadzadze kumapulumutsa kuposa chitsulo chilichonse chogula, chifukwa galimoto yoima pa mzere ikumwa koma siikupita kulikonse.

Munanenanso kuti December mukufuna kupita nayo kumudzi. Ulendo wa Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza ndi wautali, ndipo kuthamanga sikufika achimwene. Mphepo yomwe galimoto imalimbana nayo imakula msanga kuposa liwiro, 120 imamwa kwambiri kuposa 90, makamaka mukasanjikiza katundu pa kaliyala padenga. Zomwe zingalowe mkati lowetsani mkati, ndipo mukabwerako kaliyalayo imasuleni. Ku Tete kumatentha koopsa, ndiye radiyeta mukaitsukitse musananyamuke, thermostat ili momwemo.