Yankho kwa azakhali pa nkhani ya mbewa za m'nyumba

Azakhali, mwaswera bwanji? Ndamvetsera uthenga wanu woti ngakhale mwapha tinyama tinayi ndi msampha sabata ino, usiku mukumvabe kukwekwesa kudenga ndi kuseri kwa kabati, ndipo mukufunsa ngati si bwino kungoika poizoni. Poizoniyo muyambe mwamusiya kaye, chifukwa vuto lenileni ndi khomo limene zikulowera ndi chakudya chimene zikupeza.

Popeza mwati zitosi zake ndi zakuda, zazing'ono ngati njere za mpunga, amenewo si makoswe akuluakulu aja, koma mbewa zazing'ono za m'nyumba. Mbewa yaikazi imakhala ndi bere kwa masiku 19 mpaka 21 okha, nthawi zambiri imaswa ana 5 kapena 6, ndipo anawo akakwanitsa masabata pafupifupi 6 nawonso amayamba kuswana. Ndiye mukapha zinayi pamene chisa chili chikhalire, zina zimakhala zikukula kale kuti zilowe m'malo mwake.

Chimene anthu ambiri sakhulupirira ndi kuchepa kwa mpata umene mbewa imafuna. Bowo la mamilimita 6, loti pensulo ingalowemo, ndi lokwanira. Choncho mutenge pensulo ndi tochi, muyendere nyumba yonse mwachifatse, makamaka pansi pa zitseko, pamene mapaipi amadzi ndi mawaya amagetsi aboola khoma, ndiponso pamene khoma likumana ndi denga, pakuti mbewa imakwera khoma losasalala mosavutika. Musatseke mabowowo ndi nsanza, pepala kapena pulasitiki, chifukwa mano ake akutsogolo amakula moyo wake wonse ndipo imatafuna chilichonse chofewa. Nsanzazo mwina idzangozikokera kuchisa. Mulowetsemo waya wotsukira miphika uja mothithikiza, kenako mumate ndi simenti. Kutafuna komweko ndiko kumandidetsa nkhawa ndi phokoso la kudengalo, chifukwa waya wamagetsi wosendeka angathe kuyambitsa moto.

Mbewa imodzi imakhuta ndi magalamu atatu a chakudya patsiku, ndipo madzi ambiri imawapeza m'chakudya momwemo. Nyenyeswa zogwera pansi pa tebulo ndi mbale yogona yosatsuka zimaikwanira. Zakudya zouma muzichotse m'matumba ndi m'makatoni, muziike m'zitini kapena m'mabotolo otsekeka bwino, ndipo bini ya zinyalala izigona yovundikira.

Misampha musaisiye, koma musinthe katcheredwe. Mbewa siiona bwino, imayenda motsatira khoma ikukhudza ndi ndevu zake, ndipo kawirikawiri siipita kutali kuposa mamita 10 kuchokera pachisa chake. Pamene mwaona zitosi zambiri, chisa chili pafupi. Mutchere misampha ingapo usiku umodzi, motalikirana mamita awiri kapena atatu, mbali yokhala ndi nyambo itagunda khoma. Nyamboyo ikhale yochepa ndi yomata, monga chiponde, kuti mbewa isathe kuisolola n'kuthawa. Mosiyana ndi khoswe wamkulu amene amakayikira chinthu chachilendo kwa masiku angapo, mbewa imafuna kuchinunkhiza msanga, choncho mausiku oyamba ndiwo amagwira zambiri. Mphaka wanu uja amathandiza ndithu, ngakhale kuti mkati mwa khoma sangalowemo.

Poizoni ndikumukana chifukwa m'nyumbamo muli adzukulu okwawa, mphakayo angadye mbewa yakufa n'kudwala, komanso mbewa ikafera pamalo osafikika fungo lake limakhalitsa masiku ambiri.

Pochotsa zitosi musasese zili zouma, chifukwa fumbi lake lingakhale ndi tizilombo toyambitsa matenda. Mutsegule mawindo, muvale magolovesi, muthirepo madzi osakaniza ndi mankhwala a klorini oyeretsera zovala, mudikire mphindi zisanu, kenako mupukute ndi pepala loti mutaya. Pakatha sabata imodzi mudzaonenso malo omwewo, ndipo mukadzapeza zitosi zatsopano mudzandiuze kuti zili mbali iti, tidzaganizire limodzi bowo limene latsala.