Yankho pa za nyumba yakale ya mkaka ija ku Salima

Achimwene, mwafunsa za chinyumba chosiyidwa pa esiteti ina kumeneko, chimene akuluakulu amati munkakamidwa ng'ombe, kuti mungatsimikize bwanji komanso ngati n'kotheka kulowamo. Yambani mwapempha kwa mwini malo kapena kwa amfumu, ndipo musapite nokha.

Chimene chimaulula nyumba ya mkaka ndi pansi pake, osati makoma. Sesani pang'ono, thirani madzi chidebe chimodzi, muone kumene akulowera. Simenti ya m'nyumba yokamira imapendekeka pang'ono kuloza ku kangalande kotulukira kunja, chifukwa ankatsukamo m'mawa ndi madzulo akatha kukama. Simentiyo imakhala yokhakhala kapena yolembedwa mizere kuti ziboda zisaterere. Kukhoma mupeza chodyeramo chachitali, ndi mabowo kapena zitsa za mapaipi zotalikirana pafupifupi mita imodzi, malo a ng'ombe imodziimodzi. Nyumba youmitsiramo fodya kapena yosungiramo thonje ilibe zonsezi.

Kenako funani kachipinda kapadera kokhala ndi chitseko chakechake. M'menemo ndi mmene ankasefera ndi kuziziritsira mkaka, ndipo ankakapatula dala kuti fungo la ndowe ndi ntchentche zisafikeko. Makoma ake amakhala osalala, opakidwa laimu, mawindo ang'onoang'ono m'mwamba, ndipo mwina m'mafelemu mudakali tizidutswa ta sefa. Mkaka umafunika kuzizira mpaka madigiri 4 pasanathe maola awiri kapena atatu chikamireni, ndiye ndi kutentha kwa kunyanjako, womanga ankadalira khoma lochindikala, khonde lalitali ndi thanki ya madzi pafupi. Yezani khomalo pachitseko: njerwa imodzi m'litali ndi masentimita pafupifupi 23, imodzi ndi theka ndi 35. Kandani ndi msomali pakati pa njerwa. Zambiri zakale anamangira dothi, ndipo laimu kapena simenti ankangomata pamwamba, n'chifukwa chake denga likangochoka khoma silipirira mvula zambiri.

Koma zoopsa zilipo ndithu. Musanaponde m'kati yang'anani kumwamba. Chiswe chimadya mitengo ya denga m'kati, kunja ikuoneka yabwinobwino. Igogodeni ndi ndodo muli pakhomo, ikamalira ngati ng'oma bwererani. Mng'alu wotsetsereka ngati masitepe kuchokera pakona ya windo ndi woipa kuposa wa pulasitala chabe, ndipo kumbukirani kuti nyumba zakale za ku Salima zinagwedezeka ndi chivomerezi cha mu 1989. Kachere akamera pakhoma musamuzule, mizu yakeyo mwina ndiyo yagwira njerwa. Denga likakhala la mapepala otuwa a asibesitosi musaswe kapena kusesa zidutswa zake zili zouma, fumbi lake limawononga mapapo. Chimodzimodzi zitosi za mileme: valani chotchinga pamphuno. Valani jombo, nyamulani tochi, ndipo mvetserani kaye kulira kwa njuchi.

Chimene anthu ambiri amachipeputsa ndi dibi. Imakhala chapafupi, dzenje lalitali lopapatiza la simenti, lakuya kuposa msinkhu wa munthu, lobisika m'udzu. Kale ankathiramo mankhwala a aseniki ophera nkhupakupa, ndipo poizoni ameneyu saola m'dothi. Ana asasewereko, madzi ake asamwe ziweto, pambali pake pasalimidwe ndiwo.

Jambulani mbali zonse zinayi mutaimika ndodo ya mita imodzi pakhoma, lembani mawu alionse osindikizidwa pa malata kapena pa zitsulo, ndipo zithunzizo mukazionetse ku nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Njerwa ndi zitsulo zisiyeni pomwepo.