Bambo anu analibe munda wa tiyi, koma estate anali nayo

Mchemwali wina wa ku Bvumbwe wandilembera imelo. Bambo ake, omwe anali mphunzitsi wa pulayimale, anamwalira, ndipo kwabwera kalata ya boma yonena za "the estate of the late", kenako dzina la malemuwo. Pamudzi pavuta. Akuchimuna akuti m'bale wawo anabisa esiteti kwinakwake ndipo amayi akudziwa komwe ili. Iye akufunsa kuti kodi liwu limeneli limatanthauza chiyani kwenikweni.

Pepani ndi zovutazi, achemwali. Kalata yanu yandikanda pachilonda.

Ife a ku Thyolo ndi Mulanje liwu ili sitinaliphunzire m'kalasi, tinabadwira momwemo. Ine ndinakulira m'komboni, m'nyumba ya chipinda chimodzi yomwe siinali yathu. Amayi ankadzuka kusanache, dengu kumsana, pulasitiki atamanga m'chiuno kuti mame a m'tiyi asawanyowetse, chiperoni chikhalepo kaya chisakhalepo. Madzulo ankaima pamzere wa kusikelo, kalaliki nkumalemba makilo m'buku lomwe iwo sankatha kuwerenga, kapitawo nkumavundula m'dengu kuti aone ngati mwalowa masamba okhwima. Nyumba inali ya esiteti. Mpopi unali wa esiteti. Ngakhale nthambi ya bulugama yogwa yokha, ukaitola mlonda nkukuona, unali mlandu.

Ndiye bambo atatisiya kunabwera kalata ngati yanuyo. M'tsamba lonselo amayi anazindikiramo liwu limodzi lokha, lomwe ankaliona tsiku ndi tsiku pachikwangwani cha pageti. Anangoti basi, akufuna nyumba yawo, mwinanso malemu anasiya ngongole. Anaipinda kalatayo nkuibisa m'Baibulo, osauza munthu, akumadzidzimuka thirakitala ikaima pafupi ndi khomo. Dzinja linadutsa. Anadzaiwerenga ndi mphunzitsi wina wa kutchalitchi kwathu, nkupeza kuti amaitanidwa kukasayinira tindalama tomwe bambo anasiya. Pofika nthawiyo mchemwali wanga anali atasiya kale sukulu posowa fizi.

Amayiwo sindingawaseke, ndipo aliyense wowaseka sadziwa mbiri ya dera lino. Tiyi wamalonda anayamba ku Mulanje mu 1891 ndi mzungu wina dzina lake Henry Brown, ndipo m'zaka zomwezo Harry Johnston ankapatsa azungu zikalata zotchedwa Certificate of Claim, zotsimikiza kuti malo aakuluakulu ndi awo. Agogo athu Achilomwe pothawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique anapeza nthaka ili kale ndi eni, ndipo kuti umange kanyumba unkalipira ndi thukuta. Ndiye thangata uja. Lamulo la 1928 loyendetsa zimenezi linali ndi liwu lomweli m'dzina lake, Natives on Private Estates Ordinance. John Chilembwe mu 1915 mkwiyo wake unakagwera pa minda ya A.L. Bruce ku Magomero, ndipo mu 1953 kuno ku Thyolo kunabuka zipolowe zomwe nkhani ya malo inali pakatikati. Munthu wakula ndi zonsezi, lero umulembere kalata yoti mwamuna wake ali ndi estate, ukuyembekeza kuti amve chiyani?

Apa ndiye ndinene mosapsatira. Ofesi yolembera mayi wamasiye wa kumudzi m'Chingerezi cha maloya, popanda ngakhale mzere umodzi wa Chichewa, ikuchita ulesi ndipo ulesi wake ndi wankhanza. Amene akulemba kalatayo kunyumba kwake amalankhula Chichewa. Nthawi ya kampeni mauthenga onse amabwera m'chilankhulo chathu, ena mpaka m'Chilomwe, koma ikakhala nkhani ya ndalama za ana amasiye, mwadzidzidzi aliyense wasanduka wa ku London. Sukulu nazonso ndili nazo mawu. Timaloweza kuti liwu ili tanthauzo lake ndi ili, limodzi basi, nkukhoza mayeso, osauzidwa kuti mawu a Chingerezi ambiri ali ngati nkhwangwa yomwe ukaizula nkuitembenuza pampini imasanduka kasemasema. Dikishonale m'sukulu zambiri imakhala mu ofesi ya ahedi, yokhomeredwa m'kabati kuopa kuti ingang'ambike.

Chondipweteka kwambiri nchakuti kusamvetsa kumeneku kumatipusitsa kuti wilo ndi ya anthu olemera. Munthu ali ndi nyumba ya malata pa Luchenza, njinga yamoto ya kabaza, mbuzi ndi kabuku ka kubanki, koma ukamuuza zolemba wilo amati ndikulodza, kapena amaseka kuti ine ndili ndi chiyani. Akangotseka maso, omwe sanabwereko ngakhale kudzazonda matenda ndi amene amayamba kufunsa makiyi.

Tsono liwulo limagwira ntchito bwanji?

Tanthauzo lomwe tikulidziwa ndi loona: munda waukulu wa mwini mmodzi kapena kampani, monga Satemwa yomwe inayamba mu 1923. Mukhoza kunena kuti "She works on a tea estate." Koma pamalamulo, estate ndi zonse zomwe munthu wasiya pomwalira, chomwe ife timati chuma chamasiye. Ikhoza kukhala wailesi ndi mabulangete basi, dzina lake ndi lomwelo, nchifukwa chake amati "He left a small estate." Ngongole za malemu zimabwezedwa kuchokera momwemo anthu asanagawane. Mudzamvanso real estate, kutanthauza malo ndi nyumba ngati malonda, housing estate yomwe ndi dera la nyumba zomangidwa pamodzi, komanso fourth estate, dzina lomwe atolankhani amakonda kudzitchula akavala jekete. Potchula, mphamvu imagwera kumapeto kwa liwulo, ndipo "i" wathu womalizira uja mulibemo.

Choti muchite ndi ichi. Tengani kalatayo, chikalata cha imfa ndi ziphaso zanu, mupite ndi amayi ku ofesi yomwe yalemba, kapena kwa DC, kapena kwa Administrator General, ofesi ya boma yoyang'anira chuma chamasiye. Lamulo la 2011 la Deceased Estates limateteza mkazi ndi ana a malemu ngakhale pasakhale wilo, ndipo kulanda chuma chamasiye ndi mlandu. Wina akayamba kunyamula katundu, ku polisi kuli Victim Support Unit, ndipo a Legal Aid Bureau amathandiza osowa ndalama za loya. Akuchimunawo muwamasulire kalatayo pamaso pa amfumu, mzere ndi mzere, ndipo mapepala onse muwapange fotokope nkukasungitsa kwa munthu wina wodalirika, osati m'nyumba momwemo.