Zaka ziwiri m'mabala a ku Zomba: kampani yojambula nyimbo ibwera liti?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Chikanda. Akuti ali anayi, amaimba rock, ndipo atha zaka ziwiri akuzungulira m'mabala a ku Matawale ndi Chinamwali, nthawi zina pa zisangalalo za ophunzira ku Chirunga. Funso lake n'lakuti: mabandi omwe timawamva aja anachoka bwanji m'malo oterewa mpaka kusainidwa ndi kampani? Kumapeto kwenikweni, ngati nkhani yongodutsa, wanena kuti pali bambo wina wa ku Blantyre yemwe akufuna kuwajambulira chimbale "ulere" bola asaine pepala.

Aphwanga, nkhani yaikulu mwaiika kumchira, koma tifikako.

Inenso ndinaimbako besi kalelo m'tauni momwemuno. Ndikukumbukira usiku wina pa bala ina ku Matawale, magetsi anazima tili pa nyimbo yachitatu. Jenereta inalipo koma mafuta munalibe. Woimba ng'oma wathu anapitiriza yekha mumdima, anthu akuunikira ndi mafoni, wina akukuwa kuti tiike za rege. Potha zonse mwini malo anati za pakhomo sizinakwane, natipatsa kireti ya mowa ndi ndalama yoti tilipire galimoto yomwe inanyamula masipika. Ndiye mukamati mwatopa, ndikumva.

Tiyambire kutali. A Beatles, omwe aliyense woimba gitala amawatchula, anayamba kupita ku Hamburg ku Germany mu 1960, komwe ankaimba maola ambirimbiri usiku uliwonse m'mabala a anthu oledzera. Kwawo ku Liverpool, pa Cavern Club pokha anaimbapo pafupifupi ka 300. Pa 1 Januwale 1962 anakayesedwa ku kampani ya Decca ndipo anawakana. Chaka chomwecho George Martin wa ku Parlophone ndiye anawatenga, koma malipiro ake anali peni imodzi pa mbale iliyonse yogulidwa, yoti agawane anthu anayi. Peni imodziyo muisunge m'mutu.

Komabe ine ndikadakonda muyang'ane pafupi, kwa anansi athu ku Zambia. M'zaka za m'ma 1970 kumigodi ya kopa kuja kunabuka rock yawoyawo yomwe lero amaitcha Zamrock: WITCH ya Jagari Chanda, Amanaz, Ngozi Family ya Paul Ngozi. Anyamata a WITCH sanakhale pansi kudikira bwana wa kampani. Chimbale chawo choyamba anajambula okha, mbale zake n'kukadinditsa ku Nairobi, n'kumagulitsa komwe akukaimba. Makampani monga Zambia Music Parlour ndi Teal analowererapo ataona kuti anthu akugula kale. Chinawathandizanso n'chakuti a Kaunda analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za m'dziko momwemo. Chuma cha kopa chitagwa zonse zinazilala, Jagari anakhalako mphunzitsi, kenaka wokumba miyala ya mtengo wapatali. Patatha zaka zambiri kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso nyimbo zakale zija, ndipo mu 2023 WITCH inatulutsa chimbale chatsopano, mkulu uja imvi zili mbuu.

Chomwe a ku Los Angeles aja anabwerera si chakuti a WITCH ankatha kuimba ngati a ku London. Oimba ngati a ku London ali mbwee ku London konko. Anabwerera kulira kwa gitala komwe sakanakupeza kwina kulikonse.

Tibwere kwathu kuno. Kuchoka ku Chikanda kukafika kundende yaikulu ya Zomba ndi ulendo wa pansi. M'menemo, mu 2013, Ian Brennan ndi mkazi wake Marilena Delli anajambula akaidi ndi asilikali a ndende akuimba nyimbo zopeka okha, zambiri m'Chichewa. Chimbalecho chinatuluka mu 2015 ku kampani ya Six Degrees, ndipo mu 2016 chinali pa mndandanda wopikisana nawo pa Grammy, mphoto yaikulu ya nyimbo ya ku America, koyamba m'mbiri ya Malawi. Mphotoyo inapita kwa Angélique Kidjo, koma dzina la Zomba linamveka. A Madalitso Band nawo, anthu awiri okha, babatoni ndi gitala, anaimba zaka zambiri m'misewu ya Lilongwe asanakwere nsanja ya chikondwerero cha nyimbo cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, kenaka n'kugwirizana ndi Bongo Joe ya ku Geneva. Onsewa si a rock, ndikudziwa. Koma taonani chomwe akufanana: palibe anasainidwa chifukwa choimba bwino nyimbo za eni.

Apa ndiye pali bala lanu. Mwalemba kuti mwa nyimbo 20 zomwe mumaimba usiku umodzi, zanuzanu ndi zitatu, ndipo zonse n'za Chingerezi. Za eni zimadyetsa pa bala, sindikukana, woledzera amafuna yomwe akuidziwa. Koma munthu wa kampani akabwera lero mumugulitsa chiyani? Tengani kagundidwe ka manganje kapena beni, komwe mwakula nako pompano ku Zomba ndi Machinga, muike pansi pa gitala yolira mokalipa ija, mawu akhale a Chichewa kapena Chiyao, muone ngati a ku Chinamwali sadzuka pa mipando. Akakhala chete, sinthani. Bala ndi malo abwino oyeserako nyimbo chifukwa anthu ake sadziwa kunamiza.

Chinanso muvomereze msanga: kampani yonga ya m'mafilimu, yotumiza munthu wa suti kudzakufunani, kuno n'njosowa. Kale woimba ankajambula yekha, kaya ku MBC kaya ku situdiyo ya a Paul Banda ku Balaka, n'kupita ndi nyimbozo kwa O.G. Issa ku Limbe kuti azigulitsa makaseti. Makaseti anatha, kunabwera owotcha nyimbo pa msika, lero ndi WhatsApp ndi YouTube. Makomo omwe atsala ndi zikondwerero monga Lake of Stars, Tumaini ku Dzaleka ndi Sand Music Festival, komwe kumafika anthu oitana mabandi kunja. Ofunsira malo kumeneko amafunika nyimbo zojambulidwa bwino, ngakhale zinayi zokha, ndi kanema wosonyeza mukuimba pamaso pa anthu enieni.

Tsopano pepala lija, ndipo apa mukumbukire peni imodzi ya a Beatles ija. "Ulere" m'zoimbaimba kawirikawiri ndi ngongole yovala jekete. Ndalama za situdiyo, za wojambula kanema, ngakhale za minibasi yopita ku Blantyre, kampani imazilemba, ndipo imayamba yabweza zake kuchokera pa gawo lanu musanaone tambala. Si kuba ayi, ndi momwe ntchitoyi imayendera kulikonse, kungoti muzidziwa musanasaine. Muwafunse bambowo kuti nyimbo zikajambulidwa mwini wake akhala ndani, ndipo kwa zaka zingati. Pepala likati mpaka muyaya, kapena likangokhala chete pa za nthawi, bwezani cholembera m'thumba. Muonenso ngati likukhudza zojambulazo zokha kapena likutenganso umwini wa mawu ndi maimbidwe, poti izi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo chachiwirichi ndicho chimadyetsa munthu mpaka ukalamba. Ena amafunanso gawo pa ndalama za shoo iliyonse, ngakhale yomwe mwaipeza nokha.

Ife tinasaina lotere osawerenga, tsamba limodzi ndi theka, titakhala pa benchi panja pa situdiyo ina. Tinajambula nyimbo zisanu ndi zitatu m'masiku atatu. Chimbale sichinatuluke, mwini situdiyo anati ndalama zamuthera, ndipo titapempha nyimbo zathu anatisonyeza mzere womwe tinasaina tokha kuti n'zake. Mpaka lero zili mu kompyuta ya munthu, ngati ikadayakabe.

Musanapite ku Blantyre kuja, khalani pansi anayinu mulembe kuti ndani anapeka chiyani, mugawana bwanji, ndipo wina akachoka dzina la bandi litsala ndi yani. Zimaoneka zamwano pa chibale, koma mabandi ambiri amatha ndalama ikangoyamba kununkhira. Kenaka kalembetseni nyimbo zanu ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito za luso lomwe lakhalapo kuyambira 1992. Pepala la bambowo mulipemphe mubwere nalo kunyumba. Muli ndi mwayi woti sukulu ya zamalamulo ili pakhomo panu ku Chirunga, simungalephere kupeza wokuwerengerani. Akakana kuti mulitenge, akuti musaine pompo chifukwa mawa akupita ku Joni, mwadziwa kale yankho.

Mundiuze tsiku lomwe mudzaimbenso ku Matawale. Ndidzakhala kumbuyo pafupi ndi sipika ya besi, ndipo ndidzawerenga kuti zanuzanu zakwana zingati.