Kansalu ka chloroform sikagwetsa munthu ngati m'mafilimu

Achimwene, mwafunsa ngati chigawenga cha m'nkhani yopeka imene mukulemba chingatseke mphuno ya mayi wogula usipa kugombe ku Nkhotakota ndi kansalu ka chloroform, mayiyo n'kugwa pomwepo, n'kukatsitsimukira ku Dwangwa ali bwinobwino. Ine ndinagwira ntchito ya unamwino kufiyeta, kochitira opaleshoni, mpaka kupuma, ndiye ndisakunamizeni, mnzanga aliyense akafika pamenepo aseka n'kutseka buku.

Mankhwala amenewa sakomola munthu pompopompo. Pamadutsa mphindi ndithu munthu akuphiriphitha, akukanda, akukuwa, ndipo amamupsereza khungu la pamilomo. Choopsa chake n'chakuti amasokoneza kagundidwe ka mtima. Dokotala James Young Simpson anayamba kugonetsera odwala mankhwalawa ku Edinburgh, ku Scotland, mu 1847, Mfumukazi Victoria ya ku Britain inapumako mpweya wake pobereka mu 1853, koma mankhwalawa anapha anthu mpaka madokotala anawasiya kalekale. Ine kufiyeta sindinawaonepo n'kamodzi komwe.

Koma chimene ndikufuna mumve ndi china. Kugonetsa munthu si ntchito, ntchito ndi yoti apitirize kupuma. Wogonetsedwa sali ngati munthu wogona pamphasa. Nsagwada zimalefuka, lilime limagwera kukhosi, amayamba kuliza mkonono wachilendo, kenako zii. Akasanza, masanzi amalowa m'mapapo, n'chifukwa chake wodwala wopita ku opaleshoni timamuletsa ngakhale phala, agadiyani n'kumatiyesa ankhanza. Wogonetsa, amene m'zipatala zathu za m'maboma nthawi zambiri amakhala clinical officer, sachoka kumutu kwa wodwala. Dzanja lili pachibwano, maso pakamakina kapachala koyeza okosijeni, khutu likumvetsera kulira kwake. Michael Jackson anafa mu 2009 ndi propofol, mankhwala ogonetsa oyera ngati mkaka, dokotala wake ali m'nyumba momwemo, ndipo dokotalayo, Conrad Murray, khoti linamupeza wolakwa mu 2011. Ku Moscow mu 2002 asilikali anapopera mpweya wogonetsa m'holo momwe zigawenga zinatsekera anthu, ndipo anthu osalakwa oposa 120 sanadzukenso. Nanga mayi wanu uja, atapindidwa kubuti ya galimoto pamsewu wa M5 popanda womukweza chibwano? Ku Dwangwa kukafika mtembo.

Ndipo kwa ine nkhani yabwino ili pamenepo. Chigawenga chimafuna ndalama za dipo, chatsegula buti, chapeza mlandu wopha munthu.

Mukafuna kulemba zogonetsa za kwathu kuno, lembani za ketamine, amene zipatala za m'maboma zimadalira chifukwa satsitsa kwambiri kuthamanga kwa magazi ndipo wodwala kawirikawiri amapuma yekha. Maso amakhala otsegula, akunjenjemera uku ndi uku, malovu ali chuchuchu. Kudzuka kwake ndiye kumene olemba amaphonya. Palibe wotsegula maso n'kufunsa mwaulemu kuti “ndili kuti?” Wina amaimba nyimbo za kwaya, wina amatukwana, wina amalira kuti denga likumugwera. Gogo wina anandigwira mkono kundichonderera kuti ndithamangitse ng'ona pansi pa bedi. Mawa lake ankangokumbukira zidutswazidutswa, ndiye mboni yotere wapolisi wanu avutike nayo. Amayi ambiri obereka pa opaleshoni nawo sagonetsedwa ayi, amabayidwa jakisoni wa pamsana, miyendo n'kuchita dzanzi, iwo ali maso akumva mwana akulira.

Funso lina limene simunadzifunse: chigawengacho mankhwala chawatenga kuti? Mankhwala ngati pethidine, opha ululu waukulu, amakhala m'kabati yokhoma ya mankhwala oopsa, timati ya DDA, makiyi ali m'thumba mwa namwino wamkulu pa shifitiyo. Kabotolo kalikonse kotuluka kamalembedwa m'buku, dzina la wodwala, tsiku, nthawi, wopereka ndi mboni yake, ndipo posinthana ntchito timawerenga otsala. Wa CID wanzeru ayambire m'buku limenelo: siginecha yosiyana ndi ya masiku onse, wodwala wolembedwa kuti analandira jakisoni usiku chikhalirecho anatuluka masana.

Za mlingo wa mankhwala zimene mwafunsa kumapeto zija sindilemba pano. Gulu lino lili ndi anthu ambiri, ndipo wowerenga wanu sadzasowa nambalayo. Mukamaliza mutu wa kubutiwo nditumizireni ku inbox ndione ngati mayiyo akupuma moyenera.